Khansa ya Prostate ndi Nkhani za M'chipinda: Zimene Abambo Amaopa Kufunsa

Dokotala akauza bambo kuti akufunika kumutapa tizidutswa ta mnofu wa prostate kuti tikayezedwe, mafunso amene bamboyo amafunsa ndi odziwikiratu. Kodi zimapweteka? Ndigonekedwa? Zotsatira zituluka liti? Koma funso limene likumusowetsa tulo limatsalira kukhosi. Amatuluka nalo m'chipinda cha dokotala, kukwera nalo minibasi, mpaka kukafika nalo kunyumba: kodi zikatha zimenezi ndidzakhalabe mwamuna m'nyumba? Kwa bambo amene akazi awo anamwalira, kapena amene banja linatha ndipo ayamba kuganiza zokwatiranso, funsoli limabereka linzake: ndi mayi uti angalole kukwatiwa ndi munthu amene akumuganizira khansa?

Mafunso amenewa alowa m'makomo ambiri m'zaka zikubwerazi. Mu 2022, amuna pafupifupi 1.5 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya prostate. Akatswiri amene magazini ya zachipatala ya The Lancet inawasonkhanitsa ananena mu 2024 kuti chiwerengerochi chidzafika 2.9 miliyoni pachaka pofika 2040. Ku Britain, mwamuna mmodzi mwa amuna 8 alionse amapezeka ndi khansayi pa moyo wake, koma pakati pa amuna akuda ndi mmodzi mwa anayi. Sisankha wopemphera kapena wosapemphera. Dr. Ben Carson, Mwadiventi wodziwika pa ntchito ya opaleshoni ya ubongo, anapezeka nayo mu 2002 ali ndi zaka 50, ndipo anachitidwa opaleshoni pachipatala cha Johns Hopkins chomwe ankagwirapo ntchito.

Kachiwalo kakang'ono pamalo ovuta

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha, kokula ngati suku, kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ntchito yake ndi kupanga gawo la madzi a umuna. M'mbali mwake monsemo mumadutsa timinyewa tating'ono ngati ulusi, ndipo ndi timeneti timene timatumiza uthenga woti magazi adzaze m'chida cha abambo kuti chidzuke. N'chifukwa chake chilichonse chokhudza prostate, kaya ndi singano, mpeni kapena mankhwala, chimakhudzanso mkodzo ndi za m'chipinda.

Nthawi zambiri ulendo umayamba ndi kuyezetsa magazi kotchedwa PSA ndi kupimidwa ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. PSA ikakwera sizitanthauza kuti munthu ali ndi khansa, pakuti imakweranso prostate ikangokula chifukwa cha ukalamba kapena ikagwidwa ndi tizilombo. Chimene chimatsimikizira ndi kuona mnofu weniweniwo pa maikulosikopu, ndipo kutapa mnofuwo ndi kumene madokotala amakutcha biopsy.

Pali njira ziwiri. Ina singano imadzera kotulukira chimbudzi, ina imadzera pakhungu la pakati pa machende ndi kotulukira chimbudziko. Wodwala amabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo dokotala, poyang'ana pa makina ounikira m'thupi, amatapa tizidutswa pafupifupi 10 kapena 12 toonda ngati ulusi. Ntchitoyi simatenga ola lathunthu ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mphekesera yakuti singanoyo imadzutsa khansa n'kuimwaza m'thupi yalepheretsa ena kukayezetsa, koma zoti khansa yatsatira njira ya singano ndi zosowa kwambiri, ndipo kuopsa kokhala ndi khansa osaidziwa n'kwakukulu kuposa pamenepo.

Magazi mu umuna

Chimene chimadzidzimutsa abambo ambiri pambuyo pa biopsy ndi kuona umuna wofiira. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense. Pa kafukufuku wa ku Britain wotchedwa ProBE, amene anatsatira amuna oposa 1,100 ndipo anasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya BMJ, amuna pafupifupi 93 mwa 100 alionse amene anayankha funsoli anati anaona magazi mu umuna m'masiku 35 oyambirira. Amuna 66 mwa 100 anaona magazi mu mkodzo ndipo 37 mwa 100 anawaona m'chimbudzi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Singano imasiya timabala m'kati mwa prostate, ndipo magazi a timabalato amasakanikirana ndi madzi a umuna amene amasungidwa pafupi pomwepo. Magazi a mu mkodzo amatha msanga chifukwa munthu amakodza kangapo patsiku, koma a mu umuna amatuluka pokhapokha munthu akatulutsa umuna. Poyamba amakhala ofiira, kenako a bulauni ngati dzimbiri, nthawi zina akuda ndithu. Kuda kumeneko n'chizindikiro chakuti magaziwo ndi akale. Zimatha kutenga masabata 4 mpaka 6, ndipo kwa ena zimapitirira pang'ono.

Vuto lalikulu la magazi amenewa limakhala m'maganizo a anthu awiri amene sanachenjezedwe. Bambo amaganiza kuti khansa yaphulika. Mayi amaganiza kuti amuna awo atenga matenda kwa akazi ena. Achibale akamva, ena amati ndi kanyera, ena amati munthu walodzedwa, ndipo ndalama zimene zikanathandiza kuchipatala zimathera kwa asing'anga. Zonsezi zingapewedwe ndi chiganizo chimodzi chonenedwa biopsy isanachitike. Bambo atenge akazi awo popita kuchipatala, kapena awafotokozere madzulo ake kuti, "Mayi, adokotala akuti kwa mwezi umodzi kapena iwiri tiziona magazi mu umuna, koma ndi a timabala ta singano."

Magaziwa savulaza mkazi ndipo sapatsira khansa. Khansa ya prostate sipatsirana pogonana, pogona bedi limodzi kapena podyera mbale imodzi. Banja limene likunyansidwa nawo lingagwiritse ntchito kondomu mpaka atatha. Ngati bambo ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B, kondomu ndi yofunika ndithu pa nthawi imeneyi, chifukwa tizilombo ta matenda amenewo timayenda m'magazi. Biopsy sichotsa mphamvu yobereka, choncho mayi amene sanasiye kusamba angathe kutenga pakati monga kale.

Amene waona magazi mu umuna asanachitidwe biopsy ali ndi nkhani ina. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, likodzo limatha kufika mu prostate n'kuchititsa zimenezi. Ameneyo apite kuchipatala akayezedwe.

Mphamvu zikatsika

Abambo ena amaona kuti pambuyo pa biopsy chida sichikudzuka kapena sichikulimba monga kale. Akatswiri amene anaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana n'kufalitsa zotsatira zake mu 2021 m'magazini ya Journal of Urology anapeza kuti mphamvu zimatsikadi patatha mwezi umodzi, koma pofika miyezi itatu zimakhala zabwerera pamene zinali. Ndi vuto lenileni, koma kwa ambiri ndi losakhalitsa.

Limayamba pa zifukwa ziwiri zimene zimayendera limodzi. Choyamba, kutupa ndi magazi oundana pafupi ndi timinyewa tija zimasokoneza uthenga wake kwa kanthawi. Chachiwiri ndi nkhawa. Munthu amene akudikira kumva ngati ali ndi khansa sagona bwino, sadya bwino, ndipo thupi la munthu wamantha limatumiza magazi ku mtima ndi m'miyendo, osati kuchida. Zikakanika kamodzi, ulendo wotsatira amalowa m'chipinda ndi mantha awiri, ndipo zimakanikanso. Apa mpamene mawu a mayi amakhala mankhwala kapena poizoni. Nthabwala ya kuti "mwagwa m'papaya kodi?" ingatalikitse vuto limene likanatha lokha.

Nanga banja liyambirenso liti kukhala malo amodzi? Madokotala ambiri amati mudikire masiku angapo, mpaka ululu utatha ndiponso magazi a mu mkodzo ndi a m'chimbudzi atasiya. Funsani dokotala wanu musanatuluke m'chipatala. Paulo, polembera Akorinto kalata yoyamba, m'mutu 7, analangiza kuti ngati okwatirana atalikirana kwa kanthawi, zikhale zochita kugwirizana. Kudikira kwa masiku amenewa kukhale kotero, kokambirana, kuti wina asaganize kuti akukanidwa. Ngati miyezi itatu yadutsa zinthu osasintha, bwererani kuchipatala. Nthawi zambiri pamapezeka kuti pali shuga, BP kapena mankhwala ena amene ankafooketsa kale mphamvuzo mwakachetechete.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira kuti kuche. Kutentha thupi ndi kunjenjemera m'masiku oyambirira pambuyo pa biopsy, makamaka yodzera kotulukira chimbudzi, kungatanthauze kuti tizilombo ta m'matumbo talowa m'magazi. Ife tinazolowera kuti thupi likatentha ndi malungo, n'kuthamangira kukagula LA. Musatero. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo munene kuti munachitidwa biopsy tsiku lakuti. Chimodzimodzinso ngati mkodzo watsekeka, kapena magazi akutuluka ambiri ndiponso oundana. Malizani maantibayotiki onse amene mwapatsidwa, ndipo biopsy isanachitike muuze dokotala ngati mumamwa aspirin, warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi.

Zotsatira zikati ndi khansa

Khansa ya prostate si yofanana mwa onse. Ina imakula pang'onopang'ono moti munthu amakalamba nayo n'kudzamwalira ndi china, ina ndi yaukali. Pa pepala la zotsatira pamakhala nambala yotchedwa Gleason, yoyambira 6 kufika 10, ndipo ikakhala yaikulu ndiye kuti khansayo ndi yaukali. Nambala imeneyi, pamodzi ndi PSA ndi kuona ngati khansa yafalikira, ndi imene imatsogolera chithandizo. Chithandizo chilichonse chili ndi mtengo wake m'chipinda, ndipo munthu ali ndi ufulu wouzidwa mtengowo asanasankhe.

Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa ProtecT anagawa amuna 1,643 a khansa yosafalikira m'magulu atatu: ongowayang'anira ndi kuwayeza pafupipafupi, ochitidwa opaleshoni yochotsa prostate, ndi othandizidwa ndi cheza chowotcha khansa, chimene amachitcha radiotherapy. Pachiyambi, amuna 67 mwa 100 alionse ankatha kudzutsa chida mokwanira. Patatha miyezi 6, chiwerengerocho chinali 52 mwa ongoyang'aniridwa, 22 mwa a radiotherapy ndi 12 mwa a opaleshoni. Patatha zaka 6 chinali 30, 27 ndi 17. Koma patatha zaka 15, amuna pafupifupi 97 mwa 100 anali asanaphedwe ndi khansayi, mosatengera gulu limene anali. Manambalawa akutiuza kuti amene khansa yapezeka msanga ali ndi nthawi yokhala pansi ndi akazi awo ndi dokotala n'kuyeza bwino zinthu, komanso kuti ukalamba pawokha umachepetsa mphamvu ngakhale mwa amene sanakhudzidwe ndi mpeni.

Opaleshoni yosamala timinyewa tija anaiyamba Dr. Patrick Walsh ku Johns Hopkins mu 1982. Ngakhale itayenda bwino, timinyewato timatenga miyezi yambiri, nthawi zina mpaka zaka ziwiri, kuti tichire. Prostate ikachotsedwa umuna sutulukanso ndipo bambo sangaperekenso pakati mwa njira yachibadwa, koma kukoma kwa pamapeto ambiri amakumvabe, ngakhale chida chisanalimbe, chifukwa kumadzera m'minyewa ina. Ena amadontha mkodzo kwa kanthawi, ndipo zimathandiza kukodza kaye asanakhale malo amodzi komanso kuchita tsiku ndi tsiku masewera omanga ndi kumasula minofu imene timaletsera mkodzo. Radiotherapy imachepetsa umuna, ndipo mphamvu zimatha kutsika pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna radiotherapy ankatumizidwa kunja, koma tsopano makina ake alipo ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital mu mzinda wa Lusaka.

Kwathu kuno ambiri amafika pa Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central mochedwa, mkodzo utatsekeka kapena msana ukuwawa chifukwa khansa yalowa m'mafupa. Zikatero chithandizo chachikulu ndi kutsitsa homoni ya amuna yotchedwa testosterone, imene khansayi imadya. Njira imeneyi anaitulukira Charles Huggins mu 1941, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1966. Amachita ndi jakisoni monga goserelin wobaya pamimba mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, kapena ndi opaleshoni ya machende, imene sibwezeka. Imachepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo, koma imachotsa chilakolako chenichenicho, ndipo imabweretsa kutopa, kutentha thupi modzidzimutsa ndi thukuta, kunenepa ndi kutupa mabere. Mayi amene sanauzidwe zimenezi amaganiza kuti amuna awo asiya kuwakonda, pamene ndi mankhwala akugwira ntchito yake.

Thandizo lilipo, koma si la pamsika

Mapiritsi monga sildenafil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Viagra, ndi tadalafil amathandiza ngati timinyewa tija tatsalako. Pali kachipangizo kokokera magazi m'chida, pali jakisoni wa alprostadil, ndipo m'zipatala zina amaika chipangizo m'kati mwa chida mwa opaleshoni. Zonsezi zidzere kwa dokotala. Sildenafil akakumana ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrate, monga timapiritsi toika kunsi kwa lilime chifuwa chikamabaya, BP imagwa mwadzidzidzi ndipo munthu angafe.

Bambo wothedwa nzeru ndi kasitomala wabwino wa ogulitsa gondolosi, timabotolo ta mizu, khofi ndi uchi "wa abambo" m'madepoti ndi pa WhatsApp. Zina mwa zinthu zoterezi, zikayezedwa m'mayiko osiyanasiyana, zimapezeka kuti anathiramo sildenafil mobisa, pa mlingo wosadziwika. Chilichonse cholonjeza kukweza testosterone n'choopsa kwa munthu wa khansa ya prostate, chifukwa n'kuthira parafini pamoto.

Uthenga wathu wa zaumoyo uli ndi malo ake pano. Kudzuka kwa chida ndi ntchito ya mitsempha ya magazi, ndipo chimene chimasamala mtima chimasamalanso mitsempha imeneyo: kuyenda ndawala tsiku lililonse, kupewa fodya ndi mowa, kugona mokwanira, kuchepetsa mafuta, mchere ndi shuga. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2 wa ku Loma Linda University, amene anayamba mu 2002 ndi Aadiventi pafupifupi 96,000 a ku America ndi Canada, anapeza kuti mwa amuna osadya nyama, mazira ndi mkaka, khansa ya prostate inali yochepa ndi 35 peresenti poyerekeza ndi odya nyama. Nyemba, nandolo, soya, tomato ndi masamba ndi chuma chathu. Koma zimenezi zimachepetsa chiopsezo ndi kulimbitsa thupi, sizichiza khansa imene yapezeka kale. Amene akukuuzani kuti musiye jakisoni n'kumamwa juwisi wa kaloti ndi makala akukusocheretsani, ngakhale atakhala m'bale wa mumpingo.

Kufunsira uli ndi khansa

Tiyerekeze bambo wa zaka 60 amene akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ana anakula, nyumba ili zii, ndipo pali mayi wina wamasiye wa m'kalasi lawo la Sukulu ya Sabata amene amacheza naye bwino. Ndiye kwabwera pepala la kuchipatala. Mayesero ake ndi awiri. Ena amangozimiririka, osayimbanso foni, osapereka chifukwa, n'kumusiya mayiyo akudzifunsa chimene analakwa. Ena amabisa, n'kufulumizitsa ukwati kuti nkhani idzadziwike mphete ili kale ku chala. Njira zonsezi zimachokera ku manyazi, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kufuna kukwatiranso pa msinkhu umenewu si tchimo ndipo si chibwana. Abrahamu anakwatira Ketura Sara atamwalira. Matenda sachotsa njala ya munthu yofuna wocheza naye, wodya naye ndi wopemphera naye. Koma ukwati womangidwa pa chinsinsi chotere umayamba ndi ngongole, ndipo tsiku limene mkazi adzapeze khadi la kuchipatala m'thumba la jekete, chimene chidzamupweteke kwambiri ndi bodzalo kuposa matendawo.

Nanga anene liti? Palibe chifukwa choulula za m'thupi mwanu kwa aliyense amene mwangopatsana naye moni kawiri. Nthawi yabwino ndi pamene nonse mwaona kuti macheza akulowera ku banja, koma ankhoswe asanadziwitsidwe, abusa asanauzidwe tsiku, ndiponso ndalama zisanayambe kutuluka. Zikafika kwa ankhoswe, mayi sakhalanso womasuka kukana, chifukwa amaopa kuchititsa manyazi abale. Sankhani malo abata, masana, maso ndi maso, osati pa meseji. Munganene motere: "Mayi, ndisanapitirire ndi maganizo amene ndili nawo pa inu, pali nkhani imene muyenera kuidziwa. Anandipeza ndi khansa ya prostate ndipo ndikulandira chithandizo. Ndikufotokozerani zimene adokotala anena, kenako mukaganize momasuka."

Pofotokozapo musasiye mbali zovuta. Nenani ngati khansa yafalikira kapena ayi, chithandizo chimene mukulandira ndi kutalika kwake. Nenani za m'chipinda mosapita m'mbali koma mwaulemu: zimene zikutheka, zimene sizikutheka, ndi zimene dokotala akuyembekezera. Ngati mayiyo ndi wachitsikanapo ndipo akufuna mwana, ayenera kudziwa kuti pambuyo pa opaleshoni kapena pa nthawi ya jakisoni wa mahomoni zimenezo n'zovuta. Kumene kuli kotheka, umuna umasungidwa chithandizo chisanayambe, choncho funsani msanga. Nenaninso za ndalama: maulendo a kuchipatala, mankhwala ogula, ndi amene akukuthandizani. Ngati mukudikira zotsatira za biopsy ndipo chibwenzi chafika kale patali, musadikire kuti zituluke. Munthu amene mukufuna kuti adzakhale mkazi wanu angadikire nanu limodzi.

Pali yesero lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Anzake amamunong'oneza bambo kuti "kayeseni kaye penapake muone ngati zikugwira," kapena iye mwini amapempha bwenzi lakelo kuti ayese ukwati usanachitike. Kwa Mkhristu khomo limenelo n'lotseka, ndipo ngakhale mwa zachipatala mayeso otero ndi opanda pake, chifukwa munthu wamantha ndi wodziimba mlandu amalephera ngakhale thupi lili bwino. Dokotala ali ndi njira zake zodziwira. Adzakufunsani, mwachitsanzo, ngati chida chimadzuka chokha usiku kapena m'mamawa, chimene chimasonyeza kuti minyewa ndi mitsempha zikugwira ntchito.

Konzekerani yankho lililonse. Mayi angakane, ndipo kukana kwake si nkhanza. Mwina anadwazika kale mwamuna wake woyamba kwa zaka zambiri ndipo mtima wake sungathenso. Zimawawa, koma n'zopepuka kusiyana ndi banja la madandaulo.

Kwa amayi amene auzidwa

Bambo amene wakuululirani nkhaniyi wakupatsani chinthu chimene mwina sanauze ngakhale ana ake. Kaya muvomera kaya mukana, isungeni. Isamveke ku Dorika, isalowe pa gulu la WhatsApp ngati "pempho la pemphero." Simukuyenera kuyankha tsiku lomwelo. Pemphani kuti mupite nawo kuchipatala ulendo wotsatira, mukafunse nokha: khansayi ili pati? Chithandizochi n'chochiza kapena chongoletsa kukula? Zaka zikubwerazi tiyembekezere chiyani? Safunsa anadya phula.

Dzifunseninso ngati mukuvomera chifukwa cha chikondi kapena chisoni. Chisoni chimatha m'miyezi yochepa ya kuchapa zofunda ndi kugona pansi m'wodi. Ndipo nanunso nenani zanu. Mayi amene anasiya kusamba ali ndi kusintha kwake, monga kuuma ndi kupweteka pokhala malo amodzi, ndipo mwina ali ndi shuga kapena BP. Anthu awiri a zaka zimenezi akakambirana moona mtima, nthawi zambiri amapeza kuti aliyense amaopa kukhumudwitsa mnzake. Kukayezetsa HIV limodzi kukhale mbali ya kukambirana komweko.

Nkhani ya katundu isasiyidwe. Ana a bambo wodwala amatha kuona mayi watsopano ngati wobwera kudzadikira maliro, ndipo mayiyo angadzathamangitsidwe m'nyumba atadwazika mokhulupirika. Lamulo la dziko la Malawi la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana ndipo limaletsa kulanda katundu, koma wilo yolembedwa bwino, imene ana auzidwa bambo awo ali moyo, imatseka milandu yambiri isanayambe.

Banja ndi lalikulu kuposa bedi

Kwa okwatirana kale ndi kwa ongoyamba kumene, chovulaza kwambiri n'chakuti bambo akaona kuti sakutha, amasiya zonse. Sagwiranso dzanja la akazi awo, amagona atayang'ana kukhoma, amachedwa dala pa wailesi mpaka mayi atagona, poopa kuyamba chimene sangachimalize. Mayi nayenso amaleka kuwakhudza poopa kuwachititsa manyazi. Posakhalitsa m'nyumba mumakhala alendo awiri. Kukumbatirana, kusisitana, kusambitsana ndi kugona moyandikana ndi mphatso za m'banja zimene khansa singalande, ndipo mabanja ambiri amapeza njira zatsopano zosangalatsana akasiya kuyeza chikondi ndi chinthu chimodzi chokha.

Mpingo ungathandize. Abusa ndi a dipatimenti ya Mabanja, pophunzitsa okonzekera ukwati, asaganize kuti achikulire alibe chofunsa. Misonkhano ya abambo iyitane dokotala kapena namwino wa ku Malamulo, Blantyre Adventist kapena chipatala chilichonse chapafupi, abambo akhale paokha, mafunso alembedwe pa timapepala topanda mayina. Bambo aliyense wa zaka 45 kupita m'tsogolo, makamaka amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo khansayi, akambirane ndi dokotala za kuyezetsa PSA asanayambe kumva chilichonse.

Desmond Tutu anapezeka ndi khansa ya prostate mu 1997 ndipo sanabise. Anakhala zaka zina 24 ali ndi mkazi wake Leah, amene anamukwatira mu 1955, mpaka anamwalira pa 26 December 2021 ali ndi zaka 90. Nelson Mandela anachitidwa opaleshoni ya prostate yokula mu 1985 akadali mkaidi. Pa 18 July 1998, tsiku limene anakwanitsa zaka 80, anakwatira Graça Machel wa ku Mozambique. Patangotha zaka zitatu, mu 2001, anapezeka ndi khansa ya prostate ndipo analandira radiotherapy kwa masabata 7. Banja lawo linapitirira mpaka pa 5 December 2013 pamene Mandela anamwalira ndi matenda a m'mapapo ali ndi zaka 95.

Ngati muli ndi tsiku lokakumana ndi dokotala, lembani mafunso a m'chipinda papepala usiku wake, pamwamba penipeni, ndipo ngati lilime likulemera, ingoperekani pepalalo. Madokotala anawamvapo kale mafunso onsewo. Pitani ndi akazi anu kapena amene mukufuna kumanga nawo banja, ndipo musanatuluke pakhomo, gwadani awiri mupemphere.